Zaka 50 zoyambirira mu Europa Universalis IV: mapointi, malinga ndi mkwiyo wa oyandikana nawo

Europa Universalis IV, gemu ya Paradox Development Studio ya ku Sweden imene inatuluka mu 2013, imakupatsani dziko limodzi pa 11 Novembala 1444, tsiku lotsatira nkhondo ya ku Varna, n'kukusiyani nalo mpaka kumayambiriro kwa 1821. Oyamba kumene nthawi zambiri amagwa msanga, ndipo chimawagwetsa si ndalama ayi. Ndalama mukhoza kukongola. Amamwaza mapointi a mfumu, kapena amalanda malo mothamanga mpaka oyandikana nawo onse kuwaunjikira pamodzi.

Yambani ndi dziko lokhululuka mukalakwitsa. Ottoman ndiye woyamba: asilikali ndi ambiri, oyandikana naye ndi ofooka, ndipo mfumu yake Mehmed II ili ndi luso la 6 pa kulamulira, 4 pa ukazembe ndi 6 pa nkhondo (lapamwamba ndi 6). Castile nayenso ndi wabwino, kungoti wolowa ufumu wake, Enrique, ali ndi 0, 0 ndi 0, ndiye ambiri amamuchotsa asanakhale pampando. Timayiko ting'onoting'ono ta mu Holy Roman Empire tisiyeni kaye.

Nthawi isanayambe kuyenda

Gemuyi imatsegulika nthawi itaima, ndipo batani lalitali la spacebar ndi lomwe limaimitsa kapena kuyendetsa masiku. Musafulumire kulidina, chifukwa nkhondo siingalengezedwe mpaka 11 Disembala 1444. Mwezi umenewu ndi wokonzekera.

Pali mitundu itatu ya mapointi: olamulira dziko, a ukazembe ndi a nkhondo. Mwezi uliwonse mumalandira 3 pa mtundu uliwonse, kuphatikizapo luso la mfumu, lomwe limayambira 0 kulekeza 6, ndi msinkhu wa mlangizi amene mwalemba. Motero Mehmed wopanda mlangizi amabweretsa 9, 7 ndi 9 pamwezi. Sitepe imodzi ya tekinoloje imadya pafupifupi 600, kutanthauza zaka zisanu ndi theka za mapointi a nkhondo. Mukawerengera chonchi mudzaona chifukwa chake mlangizi wa msinkhu woyamba, amene amalandira pafupifupi dukati (ndalama ya m'gemuyi) imodzi pamwezi, ndi wotchipa kwambiri. Lembani onse atatu. Wa msinkhu wachiwiri amafuna madukati 4, wachitatu 9, ndiye amenewo adikire chuma chikule.

Kenako tsegulani tsamba la magulu a m'dziko: atsogoleri a chipembedzo, olemekezeka ndi amalonda. Gulu lililonse lili ndi mwayi wapadera umene mukalipatsa limakubwezerani pointi imodzi pamwezi, ngakhale mumataya gawo la malo a mfumu. N'zopindulitsa. Sankhaninso adani anu, mpaka atatu, pakati pa mayiko amene mukufuna kudzamenyana nawo ndithu. Kuwanyoza, kuwatsekera malonda ndi kuwalanda malo kumakweza power projection, nambala yoonetsa mphamvu zanu pamaso pa adani, ndipo ikafika 50 mumapeza pointi ina pa mitundu yonse itatu.

Maubale a ukazembe amaloledwa anayi poyambira. Wachisanu amakudyerani pointi imodzi ya ukazembe mwezi ndi mwezi. Pezani dziko limodzi lalikulu lomwe limadana ndi adani anu, mupangane nalo mgwirizano, ndipo kazembe mmodzi mumutumize kukamanga ukazitape m'dziko lomwe mukufuna kuyamba nalo. Ukazitapewo ukafika 20 mukhoza kupeka umwini pa chigawo chimodzi, ndipo umwiniwo umakhala zaka 25. Popanda chifukwa chotere, kulengeza nkhondo kumagwetsa bata la dziko ndi masitepe awiri, pamene sitepe imodzi kuibwezera kumayambira pa mapointi 100.

Nkhondo yoyamba

Pa mapointi a nkhondo musagule china chilichonse kupatula mkulu wa asilikali mmodzi, mpaka mutapeza tekinoloje ya nkhondo ya nambala 4. Imawonjezera mtima wa asilikali ndi luso lopewa kuphedwa ambiri, moti gulu la pa 4 limatha kuthyola gulu lalikulupo la pa 3. Mukaona mdani wakutsogolerani pamenepa, dikirani.

Gulu lililonse la asilikali ndi amuna 1,000. Mu 1444 mzere wankhondo wa mayiko a ku Ulaya umalowa magulu 20 okha, otsalawo amaima kumbuyo kudikira mpata. Kuunjika magulu 40 pamalo amodzi ndi kuwononga anthu, chifukwa chigawo chilichonse chili ndi malire a chakudya, ndipo mukapitirira asilikali amafa mwezi uliwonse osaona n'komwe mdani. Gawani asilikali anu m'magawo awiri oyenda moyandikana, muziwaphatikiza pa tsiku la nkhondo basi. Amuna otayika sabwerera msanga: nkhokwe ya anthu ikauma imatenga zaka pafupifupi 10 kuti idzale. Magulu awiri kapena anayi a okwera pa akavalo akukwana, ndi odula. Mizinga imayamba pa tekinoloje ya nambala 7.

Nkhondo ikagundika, mbali zonse zimaponya dayisi ya 0 mpaka 9, masiku atatu owomberana kenako masiku atatu ogundana. Apa malo ndi amene amaweruza. Woukira m'mapiri amachotseredwa 2 pa dayisi yake, m'zitunda ndi m'nkhalango 1, akawoloka mtsinje 1 winanso. Ndiye pali msampha umene umakola ambiri: mukamazinga linga la mdani, iye n'kubwera kudzalipulumutsa, woukira mumakhala inu ngakhale munafika poyamba. Linga la m'mapiri musalizinge asilikali a mdani adakali amphumphu pafupi.

Tengani Constantinople monga chitsanzo. Ndi likulu lokhala ndi linga, msinkhu wake ndi 3, choncho pamafunika magulu osachepera 9 kuti kuzinga kuyambe. Ikani 10, poti njala ikadula pang'ono n'kutsala osakwana, kuzingako kumangoima inu osadziwa. Dayisi ya linga imaponyedwa pafupifupi masiku 30 aliwonse. Mzindawu uli m'mbali mwa nyanja, ndiye tsekani doko ndi zombo. Mukapanda kutero ntchito imatalika miyezi yambiri. Mkulu wa asilikali wokhala ndi luso lozinga, ngakhale kadontho kamodzi, mumuike pamenepo.

Gwirani msanga chigawo chomwe munalengezera nkhondo. Chikakhala m'manja mwanu, mapointi opambana amakwera okha mwezi ndi mwezi mpaka 25.

Pa tebulo la mtendere

Apa m'pamene masewera ambiri amaonongekera, munthu atapambana kale. Chigawo chilichonse chomwe mwalanda chimabwera ndi ngongole ziwiri.

Yoyamba ndi ya mapointi olamulira. Chigawo chatsopano chiyenera kusandutsidwa core, kuti chikhale chanu chenicheni, ndipo mtengo wake umayambira pa mapointi 10 pa mlingo uliwonse wa chitukuko chake. Chigawo cha chitukuko 12 chikhoza kudya pafupifupi 120, ntchitoyo n'kutenga mpaka miyezi 36. Zigawo zosasandutsidwa zimakweza overextension, muyeso wa malo olanda amene sanakhazikike, ndipo ikadutsa 100 peresenti zoipa zimangotsatizana: oukira boma, amalonda kufooka, bata kugwa. Muziyamba nkhondo mutasunga mapointi a zigawo zomwe mukufuna, osati kuwafunafuna mutasaina kale.

Yachiwiri ndi mkwiyo wa oyandikana nanu, umene gemuyi imautcha aggressive expansion. Dziko lililonse limasunga nambala yakeyake pa inu. Likafika pa 50, komanso ngati silikukondani, likhoza kulowa m'gulu lokuukirani, ndipo mayiko anayi otere akakwana gululo limapangika. Nkhondo yake simungaithetse ndi dziko limodzilimodzi, mumalimbana nawo onse. Mkwiyowu umatsika pang'onopang'ono, pafupifupi 2 pachaka, ndipo umakula kwambiri pakati pa a chipembedzo ndi chikhalidwe chimodzi ndi amene mwamulandayo. Mu Holy Roman Empire ndi ku Italy umakwera moopsa, zigawo zitatu zolemera zikhoza kukuutsirani theka la Ulaya.

Musanasaine, yang'anani kachizindikiro ka pansi pa tsamba la mtendere, kamene kamatchula mayiko amene angalowe m'gulu lokuukirani. Akapitirira atatu, chotsani chigawo chimodzi, m'malo mwake mutenge ndalama. Akazembe asakhale manja lende: dziko limene likukuonani bwino sililowa m'gululo, ndipo kazembe amatha kukweza ubale mpaka 100. Dziko lomwe muli nalo pa pangano losamenyana silingalowenso, ndipo panganolo limakhala zaka 5 mpaka 15 malinga ndi kuchuluka kwa zomwe munatenga. N'chifukwa chake wosewera Ottoman wanzeru amasinthasintha mbali: lero Balkans kwa Akhristu, nkhondo yotsatira Anatolia kwa Asilamu, uku kukuzizira pamene uko kukutentha.

Pakati pa nkhondo ndi nkhondo

Tsitsani malipiro a asilikali, ndipo malinga a mkati mwa dziko muwagoneke kuti mtengo wake utsike ndi theka. Kumbukirani kukweza malipirowo miyezi ingapo nkhondo isanayambe, apo ayi mudzatumiza asilikali opanda mtima amene amathawa tsiku loyamba. Ngongole musaiope kwambiri: chiwongoladzanja chimayambira pa 4 peresenti, imabwezedwa pakatha zaka 5, ndipo nkhondo imodzi yopambana imailipira.

Malonda amayenda mbali imodzi ngati mtsinje, n'kukathera ku Venice, Genoa ndi English Channel. Amalonda anu muwaike kumtunda kuti azikankhira chuma kumsika wa kwanu.

Renaissance, kudzuka kwa maphunziro ndi luso, imabadwira ku Italy kuyambira 1450, ndipo dziko lomwe silinailandire limagula tekinoloje modula. Ikafalikira m'zigawo zanu zokwanira, sonkhanitsani madukati muilandire. Tekinoloje yogula nthawi yake isanakwane imakwera ndi 10 peresenti pa chaka chilichonse chomwe mwatsogola, ndiye mapointi akamayandikira malire a 999, athireni pa chitukuko cha zigawo. Tekinoloje yolamulira ikafika pa 5 mumatsegula gulu loyamba la maganizo olimbitsa dziko, asanu ndi awiri, ganizo lililonse mapointi 400. Sankhani gulu la mtundu wa mapointi umene mfumu yanu ili nawo ochuluka, ndipo ngati ndi la nkhondo, tekinoloje ya nkhondo izikhala patsogolo pa maganizowo nthawi zonse.