Mmene Mungaperekere Kafukufuku Wanu ku Msonkhano wa NCUR

Funso ndi lakuti: wophunzira wa digiri yoyamba ku yunivesite ya ku America angatani kuti kafukufuku wake akaonetsedwe ku msonkhano wa NCUR (National Conference on Undergraduate Research), womwe ndi msonkhano wa kafukufuku wa ophunzira a digiri yoyamba? Msonkhanowu umayendetsedwa ndi bungwe la Council on Undergraduate Research, mwachidule CUR, lomwe linayamba mu 1978. NCUR yoyamba inachitikira ku University of North Carolina ku Asheville mu 1987, ndipo bungwe lomwe linkayendetsa NCUR linaphatikizana ndi CUR mu 2010.

Choyamba, pezani mphunzitsi woti aziyang'anira ntchito yanu. Apa musathamange. Mphunzitsi wotchuka koma wosowa nthawi sangakuthandizeni ngati wina amene amakhala nanu pansi sabata iliyonse n'kumakufunsani mafunso ovuta. Dzina lake limafunikanso potumiza ntchitoyo.

Kenako funsani ku ofesi ya kafukufuku pa sukulu yanu ngati sukuluyo ndi membala wa CUR, komanso ngati imathandiza ndi ndalama zoyendera.

Chachitatu, lembani chidule cha kafukufukuyo: funso lanu, njira imene munatsata, ndi zimene mwapeza. Ambiri amathera mawu onse pa mawu oyamba, zotsatira n'kuzipanikiza m'chiganizo chimodzi. Chitani mosiyana. Sankhaninso ngati mudzalankhula pamaso pa anthu kapena mudzaonetsa positala, chipepala chachikulu chofotokoza kafukufukuyo.

Tumizani chidulecho pa webusaiti ya cur.org lisanadutse tsiku lomaliza lotumizira, lomwe limafika chaka chisanathe, poti msonkhano umachitika chakumayambiriro kwa chaka chotsatira. Akakuvomerani, lembetsani ndi kulipira msanga.