Musazimitse HPLC bafa ili mu flow cell

Nyengo yotentha ino makina ambiri a HPLC, olekanitsa ndi kuyeza mankhwala a m'masampulo mu labotale, akudwala matenda amodzi: baseline (mzere woyambira wa zotsatira) ikunjenjemera, kuwala kofika pa detector (gawo loyeza zotuluka) kwachepa, ndipo aliyense akuloza chala nyale ya deuterium. Nyale imeneyi imayaka maola pafupifupi 2,000. Ngati yanu sinafike n'theka lomwe, isiyeni. Nthawi zambiri vuto limakhala mu flow cell, kachipinda ka mu detector komwe sampulo imadutsa pa kuwala kwa nyaleyo.

Ntchito ikatha, kapena magetsi akangothima, anthu akumanyamuka kusiya bafa ya phosphate (madzi amchere osunga pH kuti isasinthe) ili m'kati. Kachipinda ka flow cell n'kakang'ono zedi, kamalowa mamaikulolita pafupifupi 10, ndipo kuwala kumadutsamo mtunda wa mamilimita 10 okha. Madzi akangouma pang'ono, mchere umakanirira pa magalasi a quartz, kuwala n'kumalephera kudutsa. Bafayo ikagona masiku angapo, mumamera ndere ndi mabakiteriya.

Ena ndiye amati akutsuka, koma akupopera acetonitrile yosasakaniza pamwamba pa bafa. Phosphate sasungunuka mu acetonitrile yochuluka. Amaundana pomwepo n'kutseka kapaipi kotulukira. Mukawafunsa, akuti akhala akutero kuyambira kale. Inde, n'chifukwa chake akhalanso akugula nyale zosafunika kuyambira kale!

Kapaipi kakatsekeka, presha imakwera m'kachipindamo. Flow cell si column (paipi yolimba yolekanitsira mankhwala), sipirira presha yambiri, ndipo za ma detector a fluorescence ndi a refractive index ndiye zofooka kwambiri. Galasi limasweka, gasket imayamba kudontha, madzi amchere n'kulowa m'makina. Chipangizo chatsopano n'choitanitsa kunja, ndalama zakunja zomwe n'zosowa, masampulo ali pamzere masabata.

Zikufanana ndi mlimi wina wa thonje amene anasiya mankhwala m'sipuleya usiku wonse. M'mawa nozo itatsekeka, anaitokosa ndi waya n'kupopa mwamphamvu mpaka paipi inaphulika, mbozi zili kudya. Kukweza flow (liwiro la madzi) kuti mcherewo uchoke ndi waya womwewo.

Kutsuka kwake mukudziwa. Chotsani column, ikani union (kolumikizira mapaipi) m'malo mwake. Popani madzi oyera a HPLC pa 1 mL/min kwa mphindi 30, mukuyang'ana presha. Ikakwera, imani ndipo yambani kaye ndi kapaipi kotulukira. Kenako isopropanol yochotsa mafuta ndi timpweya. Zikakanika, ndipo ngati buku la makina anu likulola, bwererani ku madzi, lowetsani nitric acid wa 6 N, tsukaninso ndi madzi mpaka pH ya zotuluka ifanane ndi ya madziwo. Asidiyo akhale ndi botolo lakelake la zotaya, asakumane ndi methanol kapena isopropanol. Soda wamphamvu (sodium hydroxide) ayi, amadya quartz. Bafa muzisefa pa 0.45 µm, ndipo poweruka, madzi ayambe, methanol wosakaniza ndi madzi atsatire ndi kugona m'menemo.