Kugawana ntchito ya nkhalango pakati pa boma, bungwe ndi mudzi ku Salima

Bungwe lofuna kuthandiza mudzi kukhala ndi nkhalango liyambire ku ofesi ya DFO (mkulu wa zankhalango pa boma), kenako likafotokoze mapulani ake ku DEC (komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe pa boma), ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu) ndi ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi). Kulumpha makomo amenewa kumachititsa kuti mabungwe awiri agundane mitu pa mudzi umodzi pomwe mudzi woyandikana nawo ulibe ndi chubu chimodzi chomwe chofeseramo mitengo.

Lamulo la zankhalango la 1997 limalola anyakwawa kupatula malo kuti akhale nkhalango ya mudzi, ndipo komiti ya m'mudzi yosamalira zachilengedwe (VNRMC) ndiyo imayang'anira. Malire ayendedwe ndi mapazi, amfumu, alangizi a zankhalango ndi eni minda yoyandikana ali pomwepo. Mukatero lembani mgwirizano. Alangizi a boma aziphunzitsa, kutsimikizira malamulo a komiti ndi kutengera milandu ya makala kupolisi. Bungwe libweretse njere, machubu, makheni ndi mawilibala. Mudzi upereke malo ndi manja. Mulembenso yemwe adzasunge zipangizo pulojekiti ikatha, ndi momwe nkhuni, uchi ndi milimo zidzagawidwire, chifukwa mikangano yambiri imabadwira pamenepa. Ku nkhalango ya boma ya Thuma, bungwe la Wildlife Action Group lakhala likuteteza nkhalango limodzi ndi nthambi ya zankhalango kwa zaka zambiri, aliyense akudziwa mbali yake.

Chimene chimapha ntchito kawirikawiri ndi kuchedwa kwa zipangizo. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma kunyanja kuno mbande yodzalidwa mu Malichi imakumana ndi chilimwe mizu isanazame. Choncho machubu afike pofika Julayi, njere zifesedwe mu Ogasiti kapena Seputembala. Pokonza dothi la m'machubu, sakanizani magawo awiri a dothi lapamwamba, limodzi la mchenga ndi limodzi la manyowa owolerana. Njere za nsangu zili ndi khungu lolimba, zikandeni pang'ono mbali imodzi musanafese, apo ayi zimera mochedwa. Masabata awiri aliwonse nyamulani machubu n'kudula mizu yotulukira pansi. Ikasiyidwa imalowa m'nthaka, ndipo tsiku lodzala mbande imazuka ndi bala, n'kufota. Kukatsala mwezi umodzi kuti mudzale, chepetsani madzi ndi mthunzi kuti mbande zikhwime.

Maenje akhale masentimita 30 mulitali, mulifupi ndi kuya, motalikirana mamita awiri. Hekitala imodzi imalowa mitengo 2,500. Pomwe pali zitsa zamoyo za tsanya kapena msuku musavutike ndi mbande, ingopatulirani mphukira n'kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu.

Udzu ukayamba kuuma, mu Meyi kapena Juni, lambulani njira yotchinga moto kuzungulira nkhalango yonse, ndipo amfumu aike chindapusa cha mbuzi zolowamo. Mu Okutobala alangizi, bungwe ndi komiti ayendere limodzi n'kuwerenga mitengo yamoyo. Chiwerengero chimenecho ndicho chilowe mu lipoti, ndipo nazale ya chaka chimenecho isunge mbande zopakizira m'mipata.