Madzi a vape musamawasiye padzuwa

Botolo la madzi a vape (kachipangizo kamagetsi kosutira m'malo mwa ndudu) limatha kukhala zaka 2 chipangidwire, koma pokhapokha mukalisunga bwino. Chimawononga madziwa ndi dzuwa, kutentha ndi mpweya. Chikonga cha m'madziwa chikakumana ndi zimenezi chimasintha, madzi aja amada ngati tiyi wopanda mkaka, kukoma kumachepa, ndipo amayamba kukanda pakhosi. Langa ndinaliiwala m'galimoto mwezi wa Okutobala, pokalitenga n'kuti litada kale, ndinangotaya.

Mukangothira madzi mu vape, tsekani chivindikiro mwamphamvu, botololo muliike m'kabati mosafika kuwala, kutali ndi mbaula. Kabatiyo ikhale yokhoma kapena pamwamba posafikira ana. Fungo la zipatso la madziwa limawakopa, pomwe chikonga ndi poizoni, mwana akamwa ngakhale pang'ono muthamangire naye kuchipatala.