Sistimu ya nyimbo yapamwamba kuno ku Chigwa cha Shire: poyambira ndi posinthira

Kuno kwathu munthu akati ali ndi sistimu yamphamvu nthawi zambiri amatanthauza yoti akayatsa pa Nchalo anthu azimva mpaka kumidzi yozungulira, nde zimenezo nzabwino pa ukwati kapena pa chinkhoswe, koma ine ndikukamba ina. Ndikukamba yoti ukhale pampando madzulo mnyumba mwako voliyumu ili pakatikati, umve woimba ngati waima pakati penipeni, gitala kumanzere, ng'oma chakumbuyo, mpaka mpweya umene akukoka asanayambe mzere wina. Masewera amenewa amadya ndalama ndithu, nde chimandiwawa kuona munthu wasunga ndalama ya thonje kapena bonasi yake ya kumizimbe nkugula chinthu choti chilimwe chimodzi chafa. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu a kumaiko ozizira komwe magetsi sathimathima, ife kuno dongosolo logulira liyenera kukhala lina.

Yambani ndi magetsi musanagule olo sipika imodzi. Magetsi athu ndi a 230V pa 50Hz, koma tonse tikudziwa kuti akathima pobwera amabwera ndi ukali, nthawi zina amabwera ochepa babu nkumangofiira, ndipo zonse ziwirizi zimapha ampu, bokosi lija limapereka mphamvu ku masipika. Pezani kachipangizo kotchinjiriza kaja ambiri amaika pa filiji, kamene kamadula magetsi akakwera kapena kutsika mopyola komanso kamadikira kaye mphindi zingapo kasanalole magetsi kudutsa, muonetsetse kuti ma amps ake akukwana katundu yense mwalumikizapo. Muitanenso wa zamagetsi aone ngati soketi yanu ili ndi waya wa earth weniweni, nyumba zambiri zalendi bowo lachitatu lija langokhalapo mulibe kanthu, nde mumamva kaphokoso ka hmmm mumasipika kapena kukugwirani pang'ono mukakhudza chitsulo cha ampu. Nthawi ya mvula mphenzi zikayamba zulani pulagi kukhoma basi, palibe kachipangizo kotchipa kamene kangaimitse mphenzi.

Ambiri tinagula sola ndi inveta pamene namondwe Ana anaononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130, nde apa samalani, inveta ikhale ya pure sine wave, kutanthauza yotulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM. Zotchipa zija za modified sine wave zimapangitsa thiransifoma ya mu ampu kulira ndi kutentha, nyimbo nkumamveka ndi kaphokoso pansi pake. China, katundu wa kaunjika werengani kumbuyo kwake musanalowetse pulagi, wopangira msika wa ku Japan ndi wa 100V, wa ku America ndi 120V, mukangolowetsa pa soketi yathu popanda thiransifoma yotsitsa ndi utsi basi. Wochokera ku Johannesburg kapena ku UK alibe vuto limeneli, mwina pulagi yokha ndi imene mungasinthe.

Chachiwiri ndi kutentha, ndipo apa ndi pamene ife tikusiyana ndi anzathu a ku Blantyre olo ali pafupi pompa pamwamba pa phiri. Okutobala ndi Novembala ku Ngabu, Bangula, Nsanje kumafika madigiri 40 nkupyola, mnyumba ya malata yopanda siling'i ndiye musanene. Mkati mwa ampu muli timigolo tija timatchedwa ma capacitor tokhala ndi madzimadzi mkati, ndipo akatswiri amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10 moyo wake umatsika ndi theka. Nchifukwa chake ine sindingalimbikitse munthu wa kuno kugula ampu ya Class A (ma Class ndi mitundu ya kapangidwe ka ampu) kapena ya ma valve, timababu tagalasi tija, olo imveke mokoma bwanji, zimenezi zimatentha nthawi zonse ngakhale nyimbo isakuimba, zimadyanso batire ya sola koopsa. Ya Class AB ili bwino bola ikhale ndi zitsulo zikuluzikulu zotayira kutentha, ya Class D ndiye yabwino kwambiri pa sola chifukwa magetsi pafupifupi 90 pa 100 aliwonse amapita ku masipika osati kukhala kutentha. Kale anthu ankainyoza Class D kuti imamveka mouma koma zamasiku ano zopangidwa bwino zilibe vuto limenelo.

Ampu isalowe mu display yotseka ndi galasi, isakhale pansi pa dikoda, ndipo kansalu koluka kaja amayi amakonda kuyala pamwamba kachoke nthawi yoimba, mukambirane nawo mwaulemu kuti kazibwerera ampu ikazizira, pamenepo kamathandizadi kutchinga fumbi. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi pamwamba ndi mmbali.

Tsopano masipika, apa ndi pamene ndalama yambiri iyenera kupita chifukwa ndi amene amasintha kamvekedwe kuposa china chilichonse. Iwalani manambala aja amalemba pa katoni kuti 5000W PMPO, alibe tanthauzo, nambala yoona ndi ya RMS, imene imaonetsa mphamvu imene chipangizo chimakwanitsa mosalekeza. Pa sipika yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba sensitivity, imalembedwa mu dB, kutanthauza phokoso limene sipika imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi inu muli pa mita imodzi. Kuti phokoso likwere ndi 3dB ampu imayenera kutulutsa mphamvu kawiri, nde sipika ya 90dB pa ampu ya mawati 30 ikulira mofanana ndi ya 87dB pa ampu ya mawati 60, mukuona kuti sipika yosavuta kuyendetsa ikupulumutsani ndalama ya ampu, ya batire, komanso kutentha. Chachiwiri ma ohm, ya 8 ohms ndi yopepuka kwa ampu, ya 4 ohms imakoka magetsi ambiri nkuitenthetsa, nde ngati ampu yanu sinalembedwe kuti imakwanitsa 4 ohms musaikakamize, komanso musalumikize masipika awiri awiri mbali imodzi chifukwa awiri a 8 mukawaphatikiza choncho amasanduka 4.

Pabalaza pathu pambiri mpapang'ono, masipika ang'onoang'ono oika pa sitandi ochokera kumakampani ngati Wharfedale, KEF, Bowers & Wilkins kapena Yamaha amakwana bwinobwino, ataliatali aja oima pansi mchipinda chaching'ono bezi yake imangodzaza nkumeza mawu a woimba. Palinso chifukwa china chathu chathu chokondera a pa sitandi. Mabokosi ambiri a sipika ndi a MDF, matabwa opanikiza aja, akangonyowa amafufuma osabwereranso, nde amene muli kumadera kumene madzi amalowa mnyumba Shire kapena Ruo akasefukira, ngati mmene zinachitikira ndi Freddy mu Malichi 2023, sipika yoti mutha kuinyamula nokha nkuikweza pamwamba ndi yanzeru. Sitandi yachitsulo wowotcherera aliyense pa Dyeratu kapena pa Bangula atha kukupangirani, mumuuze agwiritse paipi yokhuthala muthiremo mchenga wouma kuti isamalire.

Mukamagula yakale chotsani kansalu kakutsogolo muone mkombero umene wagwira koni, chimbale chija chimagwedera potulutsa mawu. Ukakhala wa siponji kuno sukhalitsa, kutentha ndi chinyezi zimaufumbutsa, wa labala kapena wa nsalu ndiye wolimba. Kankhani koni pang'onopang'ono ndi zala zonse mofanana, ikamakhula mkati ndiye kuti koyilo, waya wokulungidwa wa kuseri kwa koni, inapsa kapena inapindika, isiyeni. Ikani khutu pa twita iliyonse, kasipika kakang'ono ka mawu apamwamba kaja, nyimbo ikuimba motsitsa chifukwa matwita akufa ndi ambiri pa katundu wa kaunjika ndipo wogulitsa amakweza bezi dala kuti musazindikire. Ngati muli ndi mita, sipika ya 8 ohms imawerenga chapafupi ndi 6, zimenezo nzabwinobwino.

Mukafika nawo kunyumba pali ntchito yaulere imene imaposa kugula chipangizo chatsopano. Masipika awiri ndi mpando wanu zipange makona atatu ofanana mbali zonse, akatalikirana mamita awiri inunso mukhale mamita awiri kuchokera pa iliyonse, twita ikhale molingana ndi khutu lanu mutakhala pansi osati pamwamba pa kabati kufupi ndi denga. Asunthireni kutsogolo achoke kukhoma mwina theka la mita, makamaka amene ali ndi bowo la mpweya kumbuyo, ndipo pakona ayi, pakona bezi imafufuma nkumangomveka buu buu osadziwika kuti woimba bezi akukhudza chingwe chiti. Atembenuzeni pang'ono ayang'ane kwa inu, muzisuntha pang'onopang'ono mukumvera mpaka mawu a woimba aime pakati ngati pali sipika yachitatu yosaoneka. Akakhala kuti mawuwo akungomwazika ndipo bezi yasowa, onani mawaya, mwina mbali imodzi mwasemphanitsa wofiira ndi wakuda.

Nyumba zathu pansi ndi simenti kapena matailosi, makoma pulasitala, pamwamba malata, zonsezi zimabweza mawu. Ombani mmanja kamodzi pakati pa chipinda, mukamva kulira kotsalira ndiye kuti chipinda chikuononga nyimbo zanu. Yalani kapeti kapena mkeka wokhuthala pakati pa inu ndi masipika, makatani olemera pa mawindo, sofa yansalu, shelefu ya mabuku kumbuyo, ndipo ngati mulibe siling'i ndalama imene mumafuna kugulira ampu yatsopano ikani siling'i kaye, ithandiza mawu ithandizanso kutentha. Malata olira ndi mawindo a malouvre ogwedera muwamange, apo ayi muziti sipika yafa pamene ndi galasi likunjenjemera.

Ampu yoyambira ikhale ya stereo wamba ya mtundu wa integrated, yoti voliyumu, polumikizira nyimbo ndi mphamvu zonse zili mu bokosi limodzi, mawati enieni 40 mpaka 80 mbali iliyonse ndi okwana, zamasipika asanu kapena asanu ndi awiri zija nza mafilimu. NAD 3020 imene inatuluka mu 1978 inali ya mawati 20 okha mbali imodzi koma mpaka lero anthu amaifunafuna, chifukwa mawati ake anali oona. Za Marantz, Denon, Yamaha, Pioneer, Sansui zakale zimapezeka ndipo ubwino wake amisiri athu amatha kuzikonza, koma yazaka zambiri muyembekezere kusintha ma capacitor. Dziwaninso kuti twita nthawi zambiri imapsa chifukwa cha ampu yaing'ono imene yakwezedwa mopyola mpaka mawu kuyamba kuphwanyika, nde mukangomva kukhadzula tsitsani msanga.

Kochokera nyimbo nako nkofunika. Nyimbo ya MP3 ya 128kbps imene yadutsa mmafoni ambirimbiri sistimu yabwino imaiyalutsa, mumva zitsulo za ng'oma zikumveka ngati pepala la pulasitiki. CD imasunga pa 16 bit ndi 44.1kHz ndipo imeneyo ndi yokwana kale, mafayilo a FLAC ndi chimodzimodzi. Bluetooth imafinya nyimbo, bola kugula ka DAC kakang'ono, kachipangizo kosandutsa mafayilo a nyimbo kukhala mawu opita ku ampu, kolumikiza foni kapena laputopu ndi waya. Mbale zakuda zija za galamafoni ndimazikonda koma kuno zimapindika ndi kutentha, muzisunge choimika mchipinda chozizirirapo kutali ndi windo, mgalimoto yoima padzuwa ayi ndithu.

Pokweza sistimu sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, mukhale nacho masabata angapo musanaganize china, mukasintha ziwiri limodzi simudziwa chimene chathandiza. Khalani ndi nyimbo zanu zochepa zimene mumazidziwa mpaka mumtima zoyesera, kwaya ya kutchalitchi, munthu mmodzi ndi gitala, komanso ngati mungapeze valimba yojambulidwa bwino ndi mayeso abwino kwambiri chifukwa khutu la munthu wa kuno limadziwa kale mmene mtengo ndi zikwa zake zimalirira pamaso. Poyerekeza ziwiri voliyumu ikhale yofanana, yokwera pang'ono nthawi zonse imanamiza kuti ndi yabwino, ogulitsa amadziwa zimenezi. Sabuufa, sipika ya bezi yokhayokha ija, ibwere kumapeto ngati bezi ikusowadi, muichune motsitsa moti musamadziwe pamene yakhala. Mawaya odula aja musataye nawo ndalama, waya wa kopa weniweni wa 2.5mm wakwana, ingopalani kaye ndi mpeni pogula, ukaoneka woyera mkati ndi aluminiyamu wongopaka kopa.

Kukatenga katundu ku Limbe kapena ku Blantyre pemphani katoni yake ndi zotchinga zamkati, potsika phiri mpaka pa Thabwa makona aja katundu amagubuduka, ampu ikhale pamiyendo panu osati mu buti pansi pa matumba. Ikafika muzipukuta ndi nsalu youma, pakapita miyezi ingapo zulani pulagi mupemerere fumbi pa mabowo a mpweya, koma kutsegula mkati siyirani mmisiri chifukwa ma capacitor amasunga magetsi olo mutazimitsa. Mphemvu, nyerere ndi nalimata zimakonda kufunda kwa mu ampu ndipo zimayambitsa shoti, nde pafupi ndi sistimu pasamakhale zakudya, ndipo masipika amene ali ndi bowo la mpweya mukamachoka masiku ambiri tsekanipo ndi siponji kuti mbewa ndi mavu omanga ndi dothi asalowemo, mudzachotse pobwera musanayatse.