Chilembo cha ŵ chinkasanduka kabokosi posindikiza

Ndimalemba nkhani za apolisi ofufuza milandu ya kupha, ndipo ndimasindikiza ndekha kuno ku Chipata. Buku langa lachitatu litatuluka pa makina, paliponse pamene panali ŵ panali kabokosi. Dzina la wakuphayo lili ndi ŵ, ndiye tsamba lomaliza, pomwe chinsinsi chiululika, linali losaŵerengeka!

Ndinatumizanso fayilo ya Word pa flash kwa osindikiza, koma palibe chinasintha. Ndinayesa kulemba w wamba, koma mtima unakana.

Vuto linali font, ndiye kuti mtundu wa zilembo za pa kompyuta. Yomwe ndinasankha sinali pa kompyuta ya osindikiza, choncho makina anaikapo ina yopanda ŵ. Ndinasintha buku lonse kukhala Charis SIL, yaulere pa intaneti. Polemba ŵ mu Word, ndimalemba 0175 kenaka Alt ndi X. Koma chimene chinathetsa zonse ndi ichi: posunga ngati PDF, ndinaloŵa mu Options ndi kuchonga PDF/A. Pamenepo font imaloŵa m'fayilo momwemo. Mu Adobe Reader, Ctrl ndi D, pa Fonts, ndinaona mawu akuti Embedded, kutanthauza kuti font yaloŵadi m'fayilo.

Ndinalipira tsamba limodzi loyesera ndisanaŵalole kusindikiza makope onse.