Kupeza ngongole ya nyumba ku banki uli ndi chigamulo cha khoti pamutu

Ndine mphunzitsi kuno ku Kasungu, ndipo ngongole imene inandifikitsa kukhoti sindinadyeko ngakhale tambala. Ndinasainira alamu anga kuti atenge feteleza pangongole kwa wamalonda wina wa paboma. Fodya atamugulitsa ku Chinkhoma ndalama sizinakwane, iwo n'kulowera ku Joni. Samani inabwera kwa ine. Ndinaipinda n'kuiika m'Baibulo, amvekere mumtima nkhani ya eni ake iyi. Majisitireti anagamula ine kulibe kuti ndilipire K850,000.

Patapita nthawi ndinakapempha ngongole ku banki ina kuti ndimalize nyumba yanga ya ku Chankhanga, imene inaima itafika pamawindo. Bambo wa pa desiki anangoyang'ana pa kompyuta n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga lamulo la khoti limene linabwera kudzagwira ndalama mu akaunti yanu lija, nkhani yake inatha bwanji?" Ndinatuluka ngati nkhuku yonyowa.

Choyamba kudziwa ndi chimene banki ikuopa. Sikuti ikukuyesani wakuba ayi. Ngongole ya nyumba imabwezedwa zaka zambiri kuchokera pamalipiro anu, ndiye munthu amene ali ndi chigamulo m'manja akhoza kubwerera kukhoti kuti ndalama za mu akaunti yanu zigwidwe, kapena kutumiza masherifu kudzanyamula katundu. Ntchito yanu yonse ndi kusonyeza banki, ndi mapepala, kuti zimenezi sizichitika.

Yambirani kukhoti komwe mlandu unagamulidwa. Pitani ndi chiphaso cha unzika, pemphani kalaliki akupezereni failo, mudziwe nambala ya mlandu ndi ndalama zenizeni zimene zatsala. Musadabwe zikakhala zoposa zimene mukukumbukira, chifukwa pamatha kuwonjezeka chiwongoladzanja, ndalama za loya wa mwini ndalamayo ndi za masherifu ngati anayendapo kale. Ngati anagamula inu kulibe ndipo samani simunailandire n'komwe, kapena muli ndi yankho lomveka, lamulo limalola kupempha khoti kuti lichotse chigamulocho mlandu umvedwenso. Izi zimafuna changu, ndipo amene alibe ndalama ya loya akhoza kukafunsa ku Legal Aid Bureau. Ine njira imeneyi inali yotseka. Siginecha inali yanga, samani inali m'Baibulo.

Kenako kakumaneni ndi mwini ndalama. Apa ndi pamene ambiri timagwa, chifukwa manyazi amatichititsa kuzungulira njira ina tikamuona pamsika. Ine ndinapita ndi amalume anga, tinakhala pansi kuseri kwa sitolo yake. Munthu amene wadikira ndalama yake nthawi yaitali amakhala atatopa, makamaka kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama imene khoti linamugamulira sikanagulanso matumba amene anapereka. Anavomera kuti ndipereke gawo lalikulu nthawi imodzi, zotsala mwezi ndi mwezi. Koma mgwirizano wa pakamwa ku banki sugwira ntchito. Ulembedwe, nonse musaine, ndipo ukalowe mu failo ya kukhoti. Akakana kukambirana, mukhoza kupempha khoti lenilenilo kuti likuloleni kulipira pang'onopang'ono, mutasonyeza payslip yanu ndi zimene mumawononga pakhomo.

Polipira musapereke ndalama pamanja. Tumizani kudzera ku banki kapena lipirani kukhoti mulandire risiti, ndipo risiti iliyonse muijambule pafoni. Chinthu chimodzi ndikuchonderereni: musathamangire kwa akatapila kuti mutseke chigamulo msanga. Mnzanga wina anatero, khadi yake ya ATM inakhala m'thumba la munthu wina, ndipo sitetimenti yake inkaonetsa malipiro onse akutuluka tsiku lomwelo alowa. Banki imawerenga zimenezo bwino kwambiri.

Mukamaliza, pemphani kalata kwa mwini ndalama kapena loya wake yonena kuti ngongole ya mlandu nambala yakutiyakuti yatha, ndipo kope lake likalowe kukhoti. Kenako funsani lipoti lanu ku Credit Data CRB, bungwe limene lili ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi chosunga mbiri ya ngongole za anthu motsatira lamulo la 2010. Mabanki amayang'ana kumeneko asanakongoze munthu. Ngati muli zolakwika, kapena ngongole imene munabweza ikuonekabe, dandaulani polemba kalata ndi maumboni anu musanapite ku banki.

Za malo nazo musaziiwale. Banki imafuna chikole chimene ingachilembetse m'kaundula wa boma, ndiye kalata ya amfumu yokha siikwana, pamafunika title deed kapena lizi. Kachititseni kafukufuku ku ofesi ya za malo ku Lilongwe kuti muone ngati wina sanaikepo chiletso pa puloti yanu. Loya wa banki adzafufuza ndithu, bola mudziwe inu poyamba.

Tsopano bwererani ku banki. Mabanki monga National Bank, Standard Bank ndi NBS, imene inayamba ngati New Building Society, amapereka ngongole za nyumba, koma aliyense ali ndi mfundo zake. Ena safuna kumva kanthu mpaka chigamulo chitalipidwa chonse, ena amayang'ana ngati mwakhala mukulipira mosadumphitsa. Funsani musanalipire munthu woyeza mtengo wa nyumba, chifukwa ndalama imeneyo siibwerera. Ndipo nkhani ya khoti muiyambe nokha. Ine ulendo wachiwiri ndinaika patebulo chigamulo, mgwirizano, marisiti ndi kalata yomaliza ndisanatulutse n'komwe payslip ndi kalata ya kuntchito.

Anandipatsa, koma yocheperapo ndi imene ndinapempha, ndipo chiwongoladzanja chake n'chowawa. Inakwana malata, zitseko ndi pulasitala wa m'kati. Kunja njerwa zikuonekabe, ndipo alamu aja anaimba foni mwezi watha kufunsa ngati muli chipinda cha alendo.